Chipata Chachiwiri

Mvula inayamba Lachinayi ndipo pofika Lolemba inali isanakate. Natália anafika pa chipatala chaching'ono cha mpingo, cha m'mbali mwa msewu wochoka ku Fíngoè kupita ku Chiputo, atanyowa mpaka m'chiuno, komputadori yake ataikulunga m'mapulasitiki awiri. Iye ndiye anali tekinika wa pamalopo. Ntchito yake inali yoona kuti makina onse akulumikizana, ndiponso kuti rede, njira imene mauthenga amadutsamo popita kunja, isathawe. Pachipatalapo panalibe dotolo. Panali anamwino atatu okha, ndipo matenda akawakulira ankaimbira dotolo wa ku Tete pa kanema, iye n'kumawauza chochita uku akumuona wodwalayo.

Mayi Ermelinda, namwino wamkulu, anamuchingamira pakhonde.

"Natália, rede kulibe chiyambire dzulo masana. Mafoni nawonso zii. Si iwe unatiuza kuti tsopano tili ndi njira ziwiri?"

"Zilipo ziwiri, mayi. Dikirani ndikaone."

Njira ziwirizo anazikonza yekha nyengo yotentha, miyezi itatu m'mbuyomo. Yoyamba inali antena ya pamtengo wachitsulo kuseri kwa ofesi, yoloza nsanja ya mafoni ya paphiri. Yachiwiri inali mbale ya satelite ya padenga la nyumba ya amayi oyembekezera, kutsidya kwa bwalo. Njira iliyonse inali ndi swichi yake, kabokosi kachitsulo ka mabowo ambiri olowetsamo mawaya a makina. Makina onse a pachipatala ankadziwa adiresi imodzi yokha yotulukira kunja, imene amisiri amaitcha chipata. Swichi yoyamba ndiyo inkagwira chipatacho, ndipo sekondi iliyonse inkatumiza kauthenga kwa inzake konena kuti ikadali moyo. Kauthengako kakasiya kufika, yachiwiri inkayenera kulanda chipata nthawi yomweyo, anthu osazindikira n'komwe kuti china chasintha.

Analowa m'kachipinda ka makina, kuseri kwa ofesi. Timagetsi ta swichi yoyamba tinali kuphethira bwinobwino. Analumikiza komputadori, n'kuifunsa swichiyo za antena. Kunalibe yankho lochokera kuphiri. Mphezi ya dzulo iyenera kuti inaomba nsanjayo. Koma swichi yoyamba sinadziwe zimenezo. Inkauzabe inzake kuti ili moyo, n'kumalandira mauthenga a makina onse, n'kumawaponya ku antena imene kutsogolo kwake kunalibe kanthu. Ndipo yachiwiri, ndi mbale yake yabwinobwino, inangokhala phee kudikira imfa ya inzake.

Natália anatsegula kope lake ali ndi mantha kale, chifukwa ankadziwa chimene achipezemo. Pa tsamba lomaliza la ntchitoyo panali zolemba za dzanja lake: "Kuuza swichi yoyamba kuti izizonda njira yakunja, njirayo ikafa itule chipata. Ndimaliza Lachisanu." Lachisanu limenelo kunagwa maliro kumudzi. Atabwerako zonse zinkayenda bwino, ndipo sanatsegulenso tsambalo.

Anali atangoyamba kulemba pamene anamva mota ikulira moipa pageti, ndi mawu a mzimayi akukuwa dzina la Yesu. Mawuwo anawadziwa. Anali a Rebeca, mlamu wake.

Pa motapo panali anthu atatu: woyendetsa kutsogolo, Rebeca kumbuyo, ndipo pakati, atamangiriridwa ndi chitenje kumsana kwa woyendetsayo, panali Arsénio, mchimwene wake wamkulu wa Natália. Thupi lonse linali matope ofiira. Mwendo wamanzere unkalendewera mopindika pansi pa bondo. Arsénio ndiye anamusenza Natália pamapewa, ali mwana wa zaka ziwiri, pamene banja lawo linkabwerera kuchokera ku Zambia nkhondo itatha. Tsopano anali bambo wa ana anayi, ndipo kwa zaka ziwiri ankakumba golide m'maenje a kuseri kwa phiri.

"Dzenje lawagumukira!" Rebeca ankanena uku akumasula chitenje. "Ndinawauza kuti asapite mvula ino. Anzawo awafukula ndi manja."

Anamulowetsa m'chipinda chothandiziramo ovulala. Mayi Ermelinda anang'amba malaya ake ndi lumo, n'kuika chomvera pachifuwa, mbali iyi kenako mbali inayo. Anabwerezanso. Arsénio ankapuma mofulumira ngati munthu wothamangitsidwa, koma mbali yamanja ya chifuwa sinkakwera. Milomo inali itayamba kutuwa.

"Mwendowu ungadikire," anatero mayi Ermelinda chapansipansi. "Koma muno mwalowa mpweya umene ukupanikiza phapo. Pafunika kubaya singano pakati pa nthiti kuti utuluke. Ndinaona kusukulu zaka makumi awiri zapitazo, koma sindinachitepo. Ndikaphonya ndimupha ndine."

"Ambulansi?" anafunsa Natália.

"Mtsinje wakwirira mlatho chiyambire Loweruka. Ndipatse dotolo Lurdes pa kanemapa. Tsopano lino, Natália."

Arsénio anatembenuza maso n'kumupeza mlongo wake. Anafuna kunena kanthu koma mpweya sunamukwanire.

"Ndikubwera, achimwene. Ndikubwera pompano."

Anathamangira ku kachipinda ka makina. Panalibenso nthawi yolemba bwino zimene anasiya. Anangoilamula swichi yoyamba kuti itseke chipata chake, ikhale chete. Anawerenga m'mtima: imodzi, ziwiri, zitatu. Pa galasi la komputadori panatuluka mzere wonena kuti swichi yachiwiri yalanda chipata. Anayesa kutumiza kauthenga ku Tete. Kanapita, kanabwerera.

"Imbani, mayi! Yabwera!"

Pobwerera m'chipindamo anapeza nkhope ya dotolo Lurdes itatuluka pa kanema wa pakhoma, mzimayi wa magalasi, atakhala pa desiki yake ku Tete. Anayamba kufunsa m'Chipwitikizi, mayi Ermelinda akuyankha mwachangu. Kenako nkhope ija inauma, pakamwa pali potsegula. Mawu anayamba kubwera oduladula.

"Pezani fupa la... muwerenge nthi... pamwamba pa..."

"Dotolo, sitikumva! Nthiti yachingati?"

"...chiwiri... osati pansi pa... mtsem..."

Chithunzi chinasanduka timabokosi tamitundumitundu. Mayi Ermelinda anali atagwira singano yaikulu m'dzanja, chala cha dzanja linalo chili pachifuwa cha Arsénio, osadziwa poima.

Natália anasuzumira pawindo n'kuona chimene chinkachitika. Pakhonde panali anthu oposa makumi atatu obisala mvula: odwala, owadikirira, ndi ena a m'mudzi amene ankadziwa mawu achinsinsi a rede ya pachipatala. Mafoni awo anali atakhala tsiku lonse opanda kanthu. Rede itangobwera onse anadzuka nthawi imodzi, kukoka mauthenga, zithunzi ndi nyimbo. Makomputadori a mu ofesi nawonso anayamba kutumiza malipoti amene anaunjikana. Zonsezo zinkapanikizana pa mbale imodzi, imene ngakhale tsiku lopanda mitambo inali yochepa mphamvu poyerekeza ndi antena.

Anatulukira pakhonde. "Zimitsani mafoni, chonde! Muli munthu akufa muno!"

Ena anazimitsa. Ena anangomuyang'ana. Bambo wina wachikulire anati akulankhula ndi mwana wake wa ku Beira, amene sanamumve mwezi wathunthu, adikire pang'ono. Natália anaona kuti kupempha mmodzimmodzi kumutengera nthawi imene analibe, ndipo anthu ena anali m'mawodi, ena kukhitchini. Anabwerera ku makina.

Chofunika chinali kugawa katundu. Makina a m'chipinda cha ovulala akhale gulu lawolawo, lotulukira pa swichi yachiwiri ndi mbale yake. Ena onse, mafoni a pakhonde ndi ofesi yomwe, akhale gulu lina, lotulukira pa swichi yoyamba. Tsiku labwino kumeneko kukanakhala kugawana kwenikweni, aliyense ndi njira yake. Lero kunali kuwatumiza onsewo ku njira yakufa. Sanamve nazo chisoni.

Anayamba ndi swichi yoyamba, zinayenda. Kenako analowa mu yachiwiri kudzera pa waya wautali wolumikiza nyumba ziwirizo, umene unadutsa m'paipi pansi pa bwalo. Zala zinali zonyowa, zikuterera pa mabatani. Kuseri kwa khoma ankamva Rebeca akuitana mwamuna wake mobwerezabwereza, "Bambo a Cátia, musagone. Bambo a Cátia." Analemba nambala ya bowo loti lisamuke gulu, n'kudina.

Komputadori inangoti duu. Anadinanso, osayankha.

Anayang'ana mzere womaliza umene analemba. Ankafuna bowo la makumi awiri ndi chitatu. Analemba makumi awiri ndi chinayi, lomwe ndi bowo la waya wautali uja. Anali atadula yekha mlatho wa pakati pa nyumba ziwirizo. Swichi yachiwiri inali kutsidya ndi mbale yake, ndipo kuno kunalibe china chimene chikanaifikira, kaya kanema wa dotolo, kaya komputadori yake yomwe.

"Natália!" Mawu a mayi Ermelinda anali asanamvekepo choncho. "Dotolo wapita! Wachita chiyani?"

Natália anadzambatuka. Anazula kawaya kabuluu kolankhulira ndi swichi mwachindunji, n'kulowetsa komputadori m'kati mwa bulauzi, n'kutuluka. Podutsa pakhomo la chipinda cha ovulala anaona mwachidule: Arsénio atatambasula khosi, mitsempha itatupa, maso akuyang'ana kudenga.

Bwalo linali litasanduka dambo. Pakatikati anaterera n'kugwa chagada, atakumbatira komputadori ndi manja onse awiri kuti isagunde pansi. Nsapato imodzi inatsala m'matope, sanaibwerere. Anafika m'nyumba ya amayi oyembekezera, n'kulunjika ku kachipinda kosungiramo mabulangeti, kumene kabati ya swichi inakhomeredwa pamwamba pakhoma. Pa kabatiyo panali loko. Makiyi anali atatsala pa tebulo kutsidya kuja.

Anaikoka loko ija ndi manja, anaimenya ndi chibakera. Anamva yekha akulira mokweza, kulira kopanda mawu.

"Mwatani, achemwali?" Pakhomo panaima mzimayi wina wa mimba yaikulu, mmodzi mwa odikirira masiku awo.

"Ndikufuna chothyolera ichi. Chilichonse."

Mzimayiyo sanafunsenso. Anapita kukhonde lakumbuyo n'kubwera ndi munsi. Natália anakwera pa chidebe chovundikira, n'kumenya. Kachitatu chitsulo chogwira loko chinazuka ndi misomali yake. Analowetsa kawaya kabuluu, koma panalibe poika komputadori.

"Ndigwirireni chonchi, mayi. Musaigwedeze."

Mzimayi uja anaikweza ndi manja awiri pamwamba pa mimba yake. Galasi linali ndi madontho a madzi m'kati, pakona patada, koma linayaka. Swichi inafunsa mawu achinsinsi. Analakwitsa koyamba. Anapukuta zala pa chitenje cha mzimayiyo osapempha, n'kulembanso. Inatseguka.

Tsopano anadzikakamiza kuchita pang'onopang'ono, ngakhale thupi lonse linkamuuza kuti afulumire. Mzere uliwonse ankauwerenga mokweza asanadine, ngati mwana wa sukulu.

"Bowo makumi awiri ndi chinayi. Libwerere mwakale, lidutsitse magulu onse awiri. Bowo makumi awiri ndi chitatu. Lipite gulu la anthu ena. Gulu la ovulala, chipata chake ndi swichi ino."

Kagetsi ka bowo la waya wautali kanasintha, kanayamba kuphethira. Anaifunsa swichiyo kuti ndani wagwira chipata cha gulu la ovulala. Inayankha kuti ndi iyo. Anatsegula tsamba loonetsa kuchuluka kwa mauthenga odutsa pa mbale. Panali ziro. Kutsidya kuja panafunika munthu woti adine batani loimbira, ndipo iye analibe njira yowauzira. Mvula inkasokosa pa malata moti ngakhale akanakuwa pakhomo sakanamumva.

"Imbani, mayi Ermelinda," ananong'ona. "Imbaninso. Chonde imbaninso."

Ziro. Ziro. Anali atatsitsa kale phazi limodzi pa chidebe kuti athamange pamene manambala anadumpha. Anakwera, n'kukhazikika pamodzi, osagwedera. Umo ndi mmene kanema amaonekera akamadutsa bwino pa waya.

Akanatha kupita. Ntchito inali itatha, ndipo mchimwene wake anali mamita makumi asanu okha kuchokera pamenepo. Anadziuza kuti mvula ikakula mbale imafooka, ndiye ayenera kukhala pafupi. Zinali zoona, koma chenicheni chinali chakuti ankaopa. Ankaopa kuti akazula kawaya kabuluu china chidukanso, ndipo ankaopa kukaona zimene zinali m'chipinda muja. Anatsika pa chidebe, n'kulandira komputadori, n'kukhala pansi pakati pa mabulangeti, waya utakokeka mpaka mapeto ake.

"Ndi ndani wanu?" anafunsa mzimayi uja, akudzitsitsa movutikira pambali pake.

"Achimwene anga."

"Ndiye manambalawa akunena kuti ali bwanji?"

"Sakunena. Akungonena kuti dotolo akulankhulabe."

Anakhala choncho awiriwo, akuyang'ana manambala amene mmodzi yekha ndiye ankawamva. Mphindi zinayi. Mvula inawirikiza, manambala anatsika, Natália anagwira pakamwa. Anakweranso. Mphindi zisanu ndi ziwiri. Anapezeka akupemphera m'Chipwitikizi ndi m'Chinyanja mosakaniza, pemphero lopanda mutu, kungotchula dzina la Arsénio ndi la ana ake mmodzimmodzi. Mphindi khumi ndi imodzi.

Kenako ziro.

Anayesa mbale, inali moyo. Anayesa waya wautali, unali moyo. Palibe chimene chinaduka. Munthu wina, kuno kapena ku Tete, anali atatseka yekha kanemayo. Dotolo amatseka akamaliza ntchito. Amatsekanso pakakhala kuti palibenso chochita.

Anasiya komputadori pa mabulangeti n'kudzuka. Pobwerera sanathamange. Anadutsa bwalo lonse mvula ikumumenya, phazi limodzi lili lopanda nsapato, khutu lili tcheru kumvera ngati kukubwera kulira kwa maliro. Anthu a pakhonde anamupatukira. Bambo wa foni uja anayamba kudandaula kuti rede yathawanso, koma ataona nkhope yake anasiyira pakati.

Pakhomo la chipindacho anaima, dzanja lili pa chitseko. M'katimo munali chete. Anakankha.

Rebeca anali atagwada pansi, chipumi chili pa mphepete mwa bedi. Mayi Ermelinda anali atatsamira khoma, magolovesi akadali m'manja. Pa chifuwa cha Arsénio, m'munsi pang'ono mwa fupa la phewa, panali kapaipi kakang'ono komatidwa ndi pulasitala. Mbali zonse ziwiri za chifuwa zinkakwera ndi kutsika, yamanja mochedwerako, koma inkakwera.

"Unatuluka ngati tayala laphulika," anatero mayi Ermelinda osamuyang'ana. "Mpweyawo. Dotolo anachita kuumva ali ku Tete."

Natália anakhala pansi pomwepo pakhomo. Arsénio anatsegula maso pang'ono.

"Iwe," anatero ndi mawu ochepa, "matope onsewo... nawenso unali m'dzenje?"

Anafuna kuseka koma chimene chinatuluka chinali kulira, ndipo Rebeca anakwawa n'kudzamugwira.

Madzulo ake, ali kutsuka zida, mayi Ermelinda anamufunsa popanda ukali chimene chinalakwika. Natália anafotokoza zonse: mzere umene sanalembe miyezi itatu yapitayo, ndi nambala imene analakwitsa lero. Anati zikanakhala kuti anamaliza ntchito yake, dotolo akanapezeka nthawi yomwe mota ija inkalowa pageti.

"Tinataya mphindi zingati?"

"Mwina makumi awiri ndi zisanu."

Mayi Ermelinda anapukuta lumo. "Tikanataya zina zisanu sitikanalankhula chonchi. Sindikubisira. Kamalize lero lomwe, ndipo ukamaliza undiitane ndidzaone ndi maso anga yachiwiriyo ikulanda yokha."

Anatero. Kusanade anali atalemba mizere yonse, ndipo mayi Ermelinda anaimirira kumbuyo kwake akuyang'ana pamene ankaiyesa kanayi konse.

Koma mwendo sunadikire monga anayembekezera. Dotolo Lurdes ankaimba kawiri pa tsiku, kuuyang'ana pa kanema, kusintha mankhwala, ndipo nthawi iliyonse ankafunsa funso limodzimodzi, ngati mtsinje waphwa. Lachiwiri zala za phazilo zinayamba kuda. Arsénio anatentha thupi usiku wonse. Lachitatu masana madzi anatsika mpaka m'chiuno, ndipo amuna asanu ndi mmodzi, anzake a kumaenje, anamuolotsa atamunyamula pa chitseko pamwamba pa mitu yawo. Ambulansi inali kudikira kutsidya. Rebeca anapita naye, ana anatsala ndi Natália.

Uthenga unabwera Loweruka m'mawa. Rebeca analankhula pa foni ndi mawu otopa, a munthu amene wagona pa simenti masiku atatu. Chifuwa chinali bwino, anachiika paipi yeniyeni. Mwendo anaudula pansi pa bondo Lachinayi.

"Akudziwa?" anafunsa Natália.

"Akudziwa, alamu. Dzulo sanalankhule ndi munthu tsiku lonse. Lero adzuka akufunsa za munda. Akuti chimanga cha kudimba kuja udzu uchimaliza, ndipo ine ndili kuno."

"Auzeni asadandaule za munda."

"Ndawauza. Sakumva. Akuti inu simudziwa kupalira, mudzazula chimanga n'kusiya udzu."

Lamlungu, atatuluka m'tchalitchi, Natália anasintha zovala, n'kutenga ana awiri akuluakulu a mchimwene wake, n'kutsetserekera kudimba. Udzu unali utafika m'maondo, ndipo m'mizere yakumunsi madzi anali akadaima. Anayambira kumtunda kumene nthaka inali itaumako. Pofika masana m'manja munali mutatuluka matuza, ndipo anali atapalira mizere isanu ndi inayi yokha mwa makumi anayi.